MOTO WA M'TCHIRE M'MBIRI YA DZIKO LATHU



A Mkonzi a kalata ya bungwe lathuyi akhala akudandaula kuti tsamba la mbiri limasowa olemba. Ndati ndiwapepuze polembako za chinthu chimene tonse timachidziwa, ndicho moto wa m'tchire. Ambiri a ife tidachoka kumudzi kalekale, koma mchombo wathu uli komweko. Ena tili ndi minda, ena tidabzala timitengo pa malo amene makolo adatisiyira, ndipo alipo ena pakati pathu amene adalowa ufumu. Tsono ikafika miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, mapiri nayamba kuyaka usiku, mtima sukhala m'malo, chifukwa timadziwa kuti moto umenewo sulephera kutsikira ku nkhokwe, ku makola ndi ku nyumba za udzu.

Funso limene anthu akhala akulimbana nalo ndi lakuti: kodi moto umenewu tiuletseretu, kapena tiphunzire kuuweta? Nkhaniyi ili ndi mbiri yaitali, ndipo mbali yaikulu ya yankho lake idapezeka ambiri a ife tisanabadwe. Ndiyesa kuifotokoza mwa dongosolo, kuyambira kwa makolo kufikira masiku athu ano.

Moto m'nthawi ya makolo

Tonse tidamvapo nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Akuti pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri. Motowo udagwira tchire. Nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, kupatula galu ndi mbuzi zimene zidathawira kwa munthu, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Tili ana tinkaimva ngati nthano yocheza nayo madzulo, koma amene adaipeka anali anthu oudziwa bwino moto, ndipo ankafuna kuti ana awo adziwe kuti chida chimene chidampatsa munthu mphamvu n'chomwecho chimene chidamudanitsa ndi nyama.

Ngakhale dzina la dziko lathu limanunkha utsi, pakuti akatswiri ambiri a mbiri yakale amati dzina lakuti Maravi limatanthauza malawi a moto. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Holland amene adaphunzitsapo ku Chancellor College, adalemba m'chaka cha 1971 za m'mene anthu a kuno ankaonera moto wa m'tchire. Iwo adasonyeza kuti kutentha tchire unali mwambo wokhala ndi eni ake. Ku kachisi wa pa phiri la Bunda, kufupi ndi Lilongwe, kunkachitika mwambo wotentha phirilo chaka ndi chaka, ndipo utsi wa m'chilimwe anthu ankaugwirizanitsa ndi mitambo ya mvula imene inkabwera pambuyo pake. Munthu wamba sankangodzuka n'kuyatsa tchire. Ankadikira mawu a mwini dziko, ndipo wotentha nthawi isanakwane ankakhala ndi mlandu.

Moto unali ndi ntchito zake zodziwika. Unkathandiza pa uzimba, unkabweretsa msipu wa ziweto, unkachepetsa nkhupakupa, ndiponso unkayeretsa njira kuti woyenda aone njoka kapena chilombo chili patali. Nthawi zambiri moto wa uzimba unkayatsidwa udzu utauma ndithu, koma anthu anali ochepa, tchire linali lalikulu, ndipo panali malo amene moto sunkaloledwa kufikako. Umboni wake ulipo mpaka lero. Mukamayenda pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji kapena ku Kasungu, mumaona timagulu ta mitengo yowirira pakati pa minda yoyera mbee. Amenewo ndi manda, kumene mudzi wonse udagwirizana kuti nkhwangwa ndi moto zisalowe mwachisawawa.

Kubwera kwa Atsamunda

Dziko lino litakhala pansi pa ulamuliro wa Angerezi m'chaka cha 1891, kudabwera akuluakulu a zankhalango amene adaphunzira ntchito yawo ku Ulaya. Kwawoko moto m'nkhalango ndi tsoka basi, motero iwo adaona kutentha tchire ngati khalidwe la umbuli loyenera kuthetsedwa. Koma kuletsa moto m'dziko la udzu wautali kudakhala kovuta. Mvula yathu imagwa kwa miyezi isanu, udzu numera mpaka kupitirira msinkhu wa munthu, kenaka n'kuuma kwa miyezi isanu ndi iwiri. Udzu umene sudapse chaka chino umadikira chaka chamawa pamodzi ndi unzake watsopano, ndipo tsiku limene mlenje wa mbewa kapena wofula njuchi adzagwetsa nsakali, motowo umakhala woopsa kuposa ukadayaka kale.

M'chaka cha 1926 boma la Nyasaland lidayambitsa nkhalango za m'midzi, zimene Azungu ankazitchula kuti Village Forest Areas. Nyakwawa inkapatula malo, niiyang'anira kudula mitengo ndi kuteteza malowo ku moto. M'chaka chotsatira, 1927, phiri la Mulanje lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma. Maganizo opereka nkhalango m'manja mwa mafumu anali abwino, koma m'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe, okakamiza mizere ndi migula ndi chindapusa kapena ndende, adawawitsa anthu mitima. Kuchokera pamenepo ambiri adayamba kuona nkhani zosamala nthaka ndi mitengo ngati zofuna za boma, ndipo maganizo amenewa adativutitsa kwa zaka zambiri.

Ndime za ku Ndola

Yankho lenileni la funso lathu lija lidachokera kwa anansi athu a ku Zambia, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Northern Rhodesia. M'chaka cha 1933 a dipatimenti ya zankhalango adadula ndime zingapo m'nkhalango ya miombo kufupi ndi mzinda wa Ndola. Nkhalangoyo ndi yofanana ndi yathu ya mombo, tsamba, mtondo ndi mchenga. Ndime zina ankazitentha chaka chilichonse molawirira, mu Juni kapena Julaye. Zina ankazitentha mochedwa, mu Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo. Zina adaziteteza kuti moto usalowemo konse. Adachita zimenezi mosadukiza kwa zaka zambiri, akuwerenga mitengo ndi mphukira zake. Katswiri wa zomera Colin Trapnell ndiye adasindikiza zotsatira zake m'chaka cha 1959.

M'ndime zotenthedwa mochedwa, patapita zaka zoposa khumi, mitengo ikuluikulu ya mtundu wa mombo ndi mtondo inali itafa yambiri. Padatsala udzu wautali ndi mitengo ya apo ndi apo yopirira moto, monga mlombwa, muula ndi thombozi. Tchire lotere Abemba amalitchula kuti chipya, mawu amene ndi achibale ndi athu akuti kupsa. M'ndime zotenthedwa molawirira nkhalango idakhalabe chilili, ndipo mphukira zidakula pafupifupi ngati za m'ndime zotetezedwa. M'ndime zimene moto sunkalowa mitengo idawirira, udzu udachepa chifukwa cha mthunzi, ndipo mudayamba kumera zitsamba ndi ziyangoyango zokonda m'nkhalango yowirira, monga momwe timaonera kumanda kuja.

Padapezekanso chinthu china cholimbitsa mtima. Ngakhale m'ndime zimene moto wa Okutobala udagwetsa mitengo, zitsa ndi mizu yake zidakhalabe zamoyo pansi pa nthaka, zikuphukira chaka ndi chaka, moto n'kumazipsereza. Izi zikutanthauza kuti phiri limene timaliona ngati lidatheratu kawirikawiri limakhala ndi nkhalango yobisika pansi, imene ingadzuke popanda kubzala mbande ngakhale imodzi, malinga moto waukali utaletsedwa kwa zaka zingapo.

Chifukwa chake nthawi ili yofunika chotere n'chosavuta kumva. M'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye udzu umakhala usanaumitsitse, m'madambo mumakhala chinyezi, ndipo usiku kumagwa mame. Moto woyatsidwa madzulo nthawi imeneyi umayenda pang'onopang'ono, malawi ake amakhala aafupi, ndipo umazima wokha kukazizira. Umasiya lupsa la mawangamawanga, apa papsa apo pasapse. Mitengo nayo imakhala ikugona, ikuyoyola masamba. Koma pofika kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala, miombo imatulutsa masamba ofiira aja amene amakongoletsa mapiri mvula isanagwe. Kuti itero imagwiritsa ntchito chakudya chimene idasunga m'mizu. Moto wa Okutobala umaipeza itavala kale masamba anthete, udzu uli gwaa, mphepo ikuomba. Malawi amafika m'nthambi, timitengo tosapitirira msinkhu wa munthu timapsa mpaka pansi, ndipo nthaka imatsala yamaliseche masabata ochepa mvula yoyamba isanagwe. Dothi lokokoloka pamenepo ndi lomwe limakadzaza mitsinje yathu, mpaka kukasokoneza makina opangira magetsi pa mtsinje wa Shire.

Lupsa la mawangamawanga lija lili ndi phindu lina. Akalulu, agwape, nkhwali ndi tizilombo tating'ono timapeza pothawira m'malo osapsa, pamene msipu wa m'malo opsa umadyetsa ziweto ndi nyama za m'tchire. Chikadzafika chilimwe, moto wobuka mwangozi umapeza njira yake itadukaduka. Akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo kutentha molawirira ndiko kuulanda tchire lopitako.

Malo ndi malo, moto ndi moto

Zimene zidapezeka ku Ndola zidathandiza kuti kutentha molawirira ikhale njira yovomerezeka m'nkhalango za boma ndi m'malo osungira nyama m'maiko a kuno. Komabe sikuti malo onse amafuna moto wofanana, ndipo zitsanzo za m'dziko lathu lomwe lino zikuonetsa zimenezi.

Ku Nyika, kumene kudakhazikitsidwa paki yoyamba ya dziko lino m'chaka cha 1965, kuli chipululu cha udzu waufupi chokhala ndi maluwa a mtundu wa orchid oposa mitundu 200, ndipo m'zigwa muli timagulu ta nkhalango zobiriwira chaka chonse. Udzu ndi maluwa ake zimapirira moto, koma mitengo ya m'timagulu timeneti siipirira. Motero ogwira ntchito m'pakimo amatentha udzu molawirira mozungulira nkhalangozo, kuti moto wa m'chilimwe ukafika upeze palibe chodya.

Ku Kasungu, kuyambira m'chaka cha 1990, a dipatimenti ya zanyama adayamba kulola anthu a m'midzi yozungulira paki kuti azilowa kukatola matondo ndi kukapachika ming'oma ya njuchi. Agulugufe amene amabala matondo amaikira mazira pa masamba atsopano a miombo cha kumapeto kwa chilimwe. Moto wochedwa umapsereza masambawo pamodzi ndi mazira omwe, pamene moto wolawirira umakhala utadutsa kale. Mayi wotola matondo safunika kuuzidwa kawiri za kuipa kwa moto wa Okutobala, popeza umamulanda ndiwo ndi ndalama za sopo.

Nkhani yomvetsa chisoni ndi ya mkungudza wa ku Mulanje, umene Dr. Kamuzu Banda adaulengeza kukhala mtengo wa fuko lino m'chaka cha 1984. Mtengowu umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha pa dziko lonse lapansi. Mbande zake zimafuna malo owala a m'mphepete mwa nkhalango, koma zimakula pang'onopang'ono, kotero kuti moto wobwera chaka ndi chaka umazipha zisanafike pena paliponse. Kwa zaka zambiri a zankhalango ankalambula njira zotchinga moto pamwamba pa phirilo. Ndalama zitachepa ntchitoyo idafooka, ocheka matabwa mozemba adachuluka, ndipo kalembera wa m'chaka cha 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Kuyambira nthawi imeneyo anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, mothandizana ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, afesa ndi kubzala mbande zikwi mazanamazana, koma moyo wa mbandezo wagona pa kuziteteza ku moto.

Mitengo yobzala ndiyo siifuna moto ndi pang'ono pomwe. Nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idabzalidwa kwambiri kuyambira m'chaka cha 1964 pokonzekera fakitale ya mapepala imene siidamangidwe. Paini akapsa saphukiranso ngati mombo. Moto wawononga mbali yaikulu ya nkhalangoyi, wina wobuka mwangozi, wina woyatsidwa dala ndi anthu okhala ndi madandaulo awo. Phunziro lake n'lakuti njira yotchinga moto, ngakhale itakula bwanji, siingateteze nkhalango imene anthu oizungulira sakuonapo phindu.

Ife ndi tsiku lobzala mitengo

Ambiri a ife tikukumbukira 21 Januwale, tsiku lobzala mitengo limene lidayamba m'chaka cha 1976. Tinkandanda pa mzere aliyense atanyamula kachubu ka bulugama kapena malaina, mvula ikutinyowetsa, aphunzitsi ali pambuyo. Tikukumbukiranso belu lolira nthawi yosayenera m'teremu yachitatu, tonse n'kuthamanga ndi nthambi zaziwisi kukazima moto umene walowa m'nkhalango ya sukulu. Dziko lonse lidaphunzira kubzala, ndipo tsiku lija pambuyo pake lidakula kukhala nyengo yathunthu yoyambira mu Disembala mpaka mu Epulo. Koma kusamala zobzalidwazo m'chilimwe kudalibe tsiku lake, ndipo mbande zambiri za mu Januwale zinkathera m'moto wa mu Okutobala.

Kusintha kwa ndale kwa m'zaka za 1993 ndi 1994 kudabwera ndi zabwino zambiri, koma m'madera ena anthu adamva ngati ufulu ndiye kuti nkhalango zilibenso mwini. Boma lidaona kuti alonda okha sangathe. Ndondomeko ya zankhalango ya m'chaka cha 1996 ndi lamulo la zankhalango la m'chaka cha 1997 zidabwezera mphamvu kwa anthu, pokhazikitsa makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe ndi kutsitsimutsa nkhalango za m'midzi zija za 1926. Ku nkhalango ya Chimaliro m'boma la Kasungu ndi ya Liwonde m'boma la Machinga adayesa njira yoti boma ndi midzi aziyang'anira limodzi. Anthu ankalambula malire ndi kutentha molawirira, ndipo posinthana ndi ntchitoyo ankaloledwa kutola nkhuni, bowa, udzu ndi zina zotero. Kunena zoona, tidazungulira ulendo wa zaka 70 kuti tibwerere pa mfundo imene makolo ankaidziwa, yakuti moto uyenera kukhala ndi mwini wake pamudzi.

Anzathu a kunja

Maiko ena adayenda njira yofanana ndi yathuyi. Ku South Africa lamulo la m'chaka cha 1998 lidalamula mwini malo aliyense amene moto ungabuke kapena kudutsa pa malo ake kuti azikonza njira yotchinga moto m'malire, ndi kudziwitsa anansi ake asanatenthe. Lidalolanso eni malo oyandikana kupanga mabungwe othandizana pa za moto. Ku Australia, Azungu atafika adasokoneza mwambo wa eni dziko, Aaborijini, wotentha pang'onopang'ono kumayambiriro kwa nyengo youma, ndipo zotsatira zake zidakhala moto waukulu wa kumapeto kwa nyengoyo. M'chaka cha 2006, m'dera la West Arnhem Land, eni dzikowo adabwezeretsa mwambo wawo pa malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 28,000. Kampani ina ya gasi ya ku Darwin idavomera kumalipira pafupifupi madola a ku Australia 1 miliyoni pa chaka, chifukwa moto wolawirira umatulutsa mpweya woipa wochepa poyerekeza ndi wochedwa. Nzeru imene kale inkatchedwa umbuli idasanduka ntchito yolipidwa.

Zimene tingachite

Mbiri yonseyi ikutisiyira mfundo zingapo zogwirika. Kutentha molawirira si ntchito ya munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kumafuna kuti mfumu iitanitse anthu mvula ikangotha, agwirizane malo oyenera kutenthedwa chaka chimenecho, malo oyenera kupuma, ndi malo amene moto suyenera kufikako, monga kumanda, ku akasupe, m'mbali mwa mitsinje ndi m'minda ya mitengo yobzala. Amayi omweta tsekera ayenera kukhalapo pa zokambiranazo, chifukwa moto ukalawirira iwo asanamwete, mudzi umagona m'nyumba zodontha dzinja lonse. Oweta ng'ombe nawo ali ndi mawu, popeza mapesi ndi udzu wouma ndizo chakudya cha ziweto zawo m'chilimwe. Zokolola zikhale zitachoka m'munda, malire alambulidwe, anansi adziwitsidwe, ndipo moto uyatsidwe madzulo kopanda mphepo, anthu okwanira ali pomwepo ndi nthambi ndi madzi. Pozungulira nyumba, nkhokwe ndi makola pakhale poyera chisanu chisanathe. Alangizi a zankhalango alipo m'maboma onse, ndipo ndi bwino kuwafunsa musanayambe, popeza lamulo lili ndi zonena zake pa za kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa.

Anyamata osaka mbewa tisangowakalipira. Ambiri a ife tidasakako, ndipo tikudziwa kuti mwana amatentha tchire pofuna kuona mauna. Mudzi umene wapatula malo ndi nthawi yochitira zimenezi umavutika pang'ono kuposa umene wangoletsa pakamwa.

Pomaliza, ndikupempha komiti ya bungwe lathu kuti pa msonkhano wa pachaka ukubwerawu nkhani imeneyi ikhale pa mndandanda wa zokambirana. Takhala tikusonkha ndalama za mabuku, madesiki ndi mbande, ndipo n'zoyamikika. Ndikuganiza kuti tingawonjezepo makasu, zikwakwa ndi chakudya cha tsiku limodzi mu Juni, kuti ana a sukulu yathu pamodzi ndi mafumu ndi anthu a m'midzi yoyandikana nayo alambule malire a nkhalango, ndi kuona ndi maso awo m'mene moto wolawirira umayatsidwira moyang'aniridwa ndi mlangizi. Pakati pathu pali anzathu amene adagwira ntchito ya zankhalango ndi ya zaulimi moyo wawo wonse, ndipo ndikhulupirira kuti sangakane kutsogolera. Amene muli ndi zokumbukira za m'mene tchire linkatenthedwera kwanu, lemberani a Mkonzi kuti tsamba lino lisasowenso olemba.